Khola la Nkhunda Lipita ku Liwa

Loweruka, pa 19 Disembala 2020

Lero ndadzuka khosi lili gwa, mchenga uli m'makutu, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe kuti ndili kuti. Denga linali pafupi ndi mphuno yanga. Kenako ndinakumbukira kuti ndagona m'kampa ya adadi ku chipululu cha Liwa, ndipo mtima unayamba kuthamanga chifukwa cha mzere umodzi umene ndinali ndisanalembe m'kope lofiira. Tsopano tabwerera kunyumba ku Al Furjan, kuno ku Dubai, ndasamba kawiri, ndipo ndikufuna ndilembe zonse ndisanaiwale.

Adadi ankagwira ntchito yokonza m'kati mwa ndege: mipando, timakabati ta katundu, tikhitchini. Matendawa atabwera ndege zinaima, ndipo mu Juni ntchito yawo inatha. Amami ndi namwino pa kiliniki ina ku Oud Metha, ndiye iwo sanasiye ntchito ngakhale tsiku limodzi. Mu Novembala adadi anatiuza patebulo kuti ikafika Januwale asanapeze chochita, abwerera okha ku Zomba, ine nditsale ndi amami mpaka ndilembe mayeso. Tsiku lomwelo anaika malaya awo ena m'sutikesi yabuluu n'kuikweza pamwamba pa wadirobu. Kuyambira pamenepo ndikalowa m'chipinda chawo sindiyang'ana kumwamba.

Ali ndi mnzawo wa ku Pakistan, a Rashid, amene ali ndi wekishopu yowotcherera zitsulo ku Dubai Investments Park. A Rashid ndi amene anawauza kuti chiyambire kuvuta kwa maulendo a pandege, sabata iliyonse kumabwera munthu wofunsa kanyumba kokweza kumbuyo kwa pikapu. Anthu atopa ndi kukhala m'nyumba, m'mahotela akuopa, ndiye akufuna kupita kumapiri kapena kuchipululu atanyamula bedi lawo, mbale zawo, osagwirana ndi aliyense. Kanyumbako amangoti kampa. A Rashid zitsulo amazidziwa, koma makabati ndi mabedi opinda ayi. Anawapatsa adadi kona imodzi ya wekishopu ndi pikapu yakale ya mizere iwiri ya mipando, ndipo adadi anamanga kampa kwa miyezi itatu. Pangano lawo linali lakuti tipite nayo ku Liwa ngati banja n'kubwerera, tikulemba chilichonse chimene chagwedezeka kapena kumasuka. Ikapirira, a Rashid awalemba ntchito adadi ndi kuwakonzera mapepala ogwirira ntchito kuno.

Ntchito yolembayo anandipatsa ine. Anandigulira kope lofiira n'kundiuza kuti ku ndege vuto lililonse limalowa m'buku, ngakhale likhale kababu kakang'ono, ndipo wolemba sasankha zolemba.

Amami atayiona kampa koyamba anaizungulira kawiri n'kunena kuti ndi khola la nkhunda, chifukwa ili m'mwamba ndipo ili ndi kakhomo kakang'ono ndi kamakwerero. Dzinalo linakanirira. Koma chimene chinkawavuta kwenikweni si maonekedwe. Sabata yonse ankafunsa funso limodzi:

"Bambo a Tadala, ndiye ku Liwako tikupita kwa ndani?"

Adadi ankayankha kuti sitikupita kwa munthu, tikungopita. Amami ankati zimenezo sakuzimva. Kwathu munthu amanyamuka ulendo chifukwa kuli maliro, ukwati, chinkhoswe, kapena wodwala. Kuyenda maola anayi kukagona pamchenga, bedi labwinobwino utalisiya kunyumba, popanda ngakhale wokulandira, iwo ankati ndi zimene amachita anthu amene sakufuna kunena chimene chikuwathamangitsa. Komabe anapempha tchuthi cha masiku awiri, ndipo ndikudziwa kuti sichinali chophweka kupeza.

Lachinayi m'mawa tinapita kutenti yoyezetsera, chifukwa polowa dera la Abu Dhabi masiku ano pali chipata, ndipo sudutsa popanda uthenga wa pafoni wosonyeza kuti wayezetsa posachedwa ndipo ulibe matendawa. Amami amayezedwa kuntchito pafupipafupi, moti kamtengo kolowetsa m'mphuno kaja saphethira nako. Ine misozi inatuluka. Adadi anayetsemula kasanu n'kupepesa kwa namwino kasanu. Uthenga wa amami ndi wanga unabwera madzulo. Wa adadi sunabwere.

Dzulo, Lachisanu, tinafika kuwekishopu cha m'ma sikisi koloko, chifunga chili tho, moti nyali za mashedi zinkaoneka ngati makandulo. A Rashid anali atabwera ngakhale linali tsiku lopuma. Iwo amawatchula adadi kuti "Malawi bhai", kutanthauza m'bale wa ku Malawi. Awiriwo anapita kukaona matayala ndi malamba anayi amene amamangirira kampa ku pikapu. Asanachoke, adadi anabwereza lamulo lawo lolongedzera: zolemera pansi, zopepuka pamwamba, ndipo m'kabati yapamwamba mulowe mabulangeti ndi buledi basi. Amami anati amva. Ndinkafuna kuwathandiza, koma anandiuza kuti m'kholamo simukwana nkhunda ziwiri, ndipite ndikakhale kutsogolo. Ndinaona kuti akweza zikwama ziwiri zimene sindinazione kunyumba, koma sindinaganize kanthu.

A Rashid anamenya kampa kumbuyo ndi chikhatho ngati akutsanzika ng'ombe, nati tionana Loweruka, inshallah. Uthenga wa adadi unali usanabwerebe, koma anati tiyeni, ukatipeza panjira.

Tinadutsa Jebel Ali tikuyenda ngati kamba chifukwa cha chifunga. Ine khutu linali kumbuyo, cholembera m'manja. Choyamba kulemba chinali masupuni akulira m'dirowa. Adadi anati limenelo si vuto la dirowa, koma ndilembe. Pamene chifunga chinkatha tinali pafupi ndi Ghantoot, pamene pali chipatacho, ndipo foni ya adadi inali idakali chete. Tinakhota kulowa pamalo omwetsera mafuta n'kuima kuseri, pamthunzi.

Pamenepo tinakhalapo maola atatu. Adadi ankazimitsa foni ndi kuyatsanso. Ankaikweza m'mwamba ngati tili kumudzi kosowa netiweki. Amami anawauza kuti mwina analemba nambala molakwika, chifukwa pamene ankalemba anali akuyetsemula. Adadi anati nambala yawo amaidziwa. Amami anati tsiku la ukwati wawo amalidziwanso, koma chaka chatha analiphonya ndi sabata yathunthu. Ine ndinadya bisiketi zonse zimene zinali za masana.

Chimene chinandidabwitsa ndi kuchuluka kwa anzathu. Ndinkaganiza kuti tikhala tokha ooneka achilendo. Koma pa malo amenewo panabwera galimoto zokhala ndi matenti opinda padenga, mapikapu onyamula nkhuni ndi mipando, ndi kampa ina yoyera, yonyezimira, yochokera kunja, imene adadi anaiyang'ana kwa nthawi yaitali. Yathu pafupi ndi imeneyo inkaoneka yopangidwa pamanja. Ndinaona adadi akupukuta ndi mkono wa malaya kadontho ka penti pakhomo.

Tili choncho, mayi wina amene anaima pafupi nafe anamva amami akundikalipira za bisiketi, ndipo anatsitsa galasi.

"Ba Malawi, muli bwanji? Iyi nyumba ni yanu?"

Anali wa ku Zambia, dzina lake a Misozi, wogwira ntchito yolandira anthu m'ndege. Iye ndi mwamuna wake anali atapinda mipando yakumbuyo ya galimoto yawo n'kuyala matiresi. Anatiuza kuti kale pamwezi ankagona m'maiko angapo, koma zaka zonse zimene wakhala kuno anali asanaonepo chipululu chimene chili pakhomo pompano. Tsopano amauluka mwa apo ndi apo, ndipo Lachisanu lililonse amatuluka mumzinda, chifukwa akakhala m'fulati amangoganiza za kalata yochotsedwa ntchito. Anapempha kusuzumira m'kati. Adadi anachita manyazi, koma anatsekula. A Misozi anaima pamakwerero atavala masiki, n'kugwira kaloko kofiira ka pakabati kamene umakatembenuza ndi chala, ndipo anaseka. Anati timaloko timeneti wakhala akutitembenuza zaka zisanu ndi ziwiri m'khitchini ya ndege, ndipo amene anapanga izi ndi munthu wa kuntchito kwawo, sangabisale. Adadi anavomera kuti anatengera nzeru kumeneko. Anawaonetsa mmene tebulo limasandukira bedi langa, ndi pamene pamakhala chigubu cha madzi. Ndinali ndisanawamve akulankhula mawu ambiri chonchi chichokere Juni.

Amami anawafunsa a Misozi kuti ku Liwa ali ndi abale. Iwo anati ayi, amangopita. Amami anagwedeza mutu ngati mmene amachitira wodwala akawauza kuti wasiya kumwa mankhwala chifukwa akupeza bwino.

Uthenga unalowa itadutsa leveni koloko. Adadi anauwerenga kawiri, amami anawalanda foni n'kuwerenganso, ndipo tinanyamuka.

Pachipata mzere unali wautali koma woyenda. Wapolisi anayang'ana mafoni athu atatu ndi ziphaso, kenako anafunsa kumene tikupita. Adadi anati ku Liwa. Anafunsa hotela yake. Adadi analoza kumbuyo ndi chala chachikulu. Wapolisiyo anati titsekule. Ndinkaganiza kuti pali pepala limene tilibe. Iye anasuzumira, anagogoda khoma, anatembenuza kaloko kamodzi, n'kufunsa kuti tinagula kuti. Atamva kuti anapanga ndi adadi anawayang'ananso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti "Yalla", kutanthauza kuti pitani, akumwetulira m'maso. Titachoka amami anati ngakhale wapolisi wafunsa kuti tikafikira kwa ndani, ndiye asamaoneke ngati ofunsa zopusa ndi iwo okha.

Kuchokera pamenepo msewu ndi wautali ndipo palibe zambiri zoti ndinene. Tinalambalala mzinda wa Abu Dhabi, tinadutsa malole a ku Mussafah, ndipo pafupi ndi Tarif tinakhotera kumanzere, nyanja n'kutsala kumbuyo. Lole ikatidutsa kampa inkapendama pang'ono ndipo amami ankagwira chitseko. Ndinalemba chachiwiri, kandodo ka katani kakugunda zenera, ndi chachitatu, mluzu wa mphepo pa kazenera ka padenga. Ku Madinat Zayed tinagula tiyi wa karak ndi maparata, omwe ali ngati chapati, n'kudyera m'galimoto. Adadi anatsika kukagwedeza malamba onse anayi, ndipo limodzi linafunika kukungidwa pang'ono. Chimenecho chinali chachinayi. Anati zonsezi ndi zazing'ono, a Rashid sangadandaule nazo. Anayamba kuimba nyimbo ya kwaya, ndipo amami, ataiwala kuti sakugwirizana ndi ulendowu, analowa ndi mawu achiwiri.

Tinafika ku Mezairaa, tauni ya ku Liwa, cha m'ma fili koloko. Milu ya mchenga kumeneko ndi yaitali ngati mapiri, yofiirira. Titapitirira pang'ono tinasiya tala n'kulowa kamsewu ka miyala kamene a Rashid anatijambulira papepala. Kamsewuko kanali ndi timizere ngati malata, ndipo galimoto yonse inayamba kunjenjemera mpaka mano. Sindinkathanso kulemba. Tinayenda choncho mwina mphindi khumi. Kenako kumbuyo kunamveka chiphokoso chimodzi chachikulu, chotsatiridwa ndi zinthu zikugubuduzika.

Adadi anapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Tinatsika tonse, iwo anakwera makwerero n'kutsekula kakhomo.

Kabati yapamwamba inali itazuka kukhoma mbali imodzi, ikulendewera. Pansi ponse panali poyera. Poyamba ndinkayesa kuti ndi mchenga, koma unali shuga. Paketi imodzi inali itaphulika, ena atatu ali pakona. Panalinso thumba la mpunga, mabotolo awiri aakulu a mafuta ophikira, masamba a tiyi, sopo wamtanda, ndi chitenje chatsopano chosadula. Zonsezi zinali zitakulungidwa m'mabulangeti aja.

Adadi anakhala pamakwerero. Anafunsa motsitsa mawu kuti izi ndi chiyani.

"Ndiye ndikanafika bwanji chimanjamanja?" anatero amami.

"Kufika kwa ndani, mayi a Tadala?"

Amami anati pansi munali modzaza kale, ndipo ankadziwa kuti adadi akaziona aziletsa. Anati iwo chibadwire sanayendepo ulendo wopitirira ola limodzi opanda kanthu kopatsa eni khomo, ndipo manja awo anangolongedza okha. Adadi anayang'ana mabowo anayi pakhoma pamene panazuka zomangira, n'kuwagwira ndi chala limodzilimodzi. Ine ndinali nditagwira kope lofiira, ndipo ndinalibisa kumbuyo ngati kuti ndi limene lalakwa.

Titasesa shuga n'kukwera kuti tipitirire, galimoto inakana. Pamene tinapatukira paja panali mchenga wofewa. Adadi akaponda mafuta matayala ankangokumba, mpaka pikapu inakhala pamimba. Tinafukula ndi manja ndi chivundikiro cha poto. Amami anakankha atavula nsapato. Palibe chinasintha, ndipo dzuwa linali litayamba kupendeka.

Patapita mwina theka la ola tinaona munthu akubwera wapansi kuchokera kumene kunali mpanda wa waya ndi ngamira. Anali bambo wamtali, wa ku Sudan, dzina lake a Osman, wosamalira ngamira za bwana wake. Chingerezi ankadziwa pang'ono, ife Chiarabu timangodziwa cha moni. Anazungulira galimoto, anagwada pa tayala lakutsogolo, n'kuyamba kuliphwetsa ndi kamtengo.

Adadi analumpha. Kwathu munthu wophwetsa tayala lako ndi mdani, ndipo iwo anali atapopa matayalawo bwinobwino m'mawa chifukwa cha kulemera kwa kampa. Anagwira dzanja la a Osman akunena kuti ayi, ayi. A Osman anawayang'ana modekha, n'kuyala chikhatho chawo pamchenga, kenako n'kuloza phazi la ngamira. Anachita zimenezi kawiri. Adadi anamvetsa, anasiya dzanja lija, ndipo anapepesa m'zinenero zitatu. Pambuyo pake anavomera kuti a Rashid anawauza za kuphwetsa matayala, koma iwo ankayesa kuti ndi nthabwala zonamiza mlendo.

Matayala onse anayi ataphwa pang'ono, a Osman anakhala pachiwongolero, anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo galimoto inatuluka ngati sinatitimirepo. Anatilozera malo olimba pafupi ndi mpanda wawo, kuseri kwa mulu wa mchenga kumene mphepo siifika, nati tigone pamenepo. Chapatali tinkaona magalimoto ena atatu ataima motalikirana, aliyense ndi kamoto kake. Anthu ambiri ndithu akuchita zimenezi.

Tisanamalize kutsitsa mipando, a Osman anabweranso ndi ketulo ya tiyi wa mkaka wa ngamira ndi mbale ya zipatso za kanjedza. Anaziika pamchenga n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu chifukwa cha matendawa. Apa amami anaimirira, anamanga chitenje chawo bwino, n'kulowa m'kampa. Anatuluka ndi shuga uja wotsala, mpunga, mafuta, masamba a tiyi ndi sopo. Anayala chitenje chatsopano chija pansi, anaikapo zonse, anagwada pang'ono monga amachitira kwa akuluakulu, nabwerera m'mbuyo masitepe atatu nawonso.

A Osman anakana atagwira pamtima. Amami analoza katunduyo ndi manja awiri. Anakananso. Amami anawauza m'Chichewa chenicheni kuti asatichititse manyazi, tabwera pakhomo pawo. Sindikudziwa chimene anamva, koma kachitatu anawerama n'kunyamula. Anatifotokozera ndi manja ndi mawu ochepa kuti galimoto yowabweretsera zakudya imabwera mwa kamodzikamodzi masiku ano, ndipo shuga anawathera masiku anayi apitawo. N'chifukwa chake tiyi uja anali wosatsekemera. Ananena "shukran", zikomo wa Chiarabu, kambirimbiri, ndipo chitenje anati akatumizira mkazi wawo.

Atapita, amami anakhala pampando n'kuyamba kumwa tiyi. Sanawayang'ane adadi. Anangoti, "Paja mumati kulibe munthu."

Adadi anaseka koyamba chichitikire ngozi ija, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Kunja kudakali kowala analowa m'kampa ndi bokosi la zipangizo. Anaboola mabowo ena pambali pa akale, anabwezera kabati, ndipo anamata mabowo akalewo mwaluso moti munthu wosadziwa sangaone. Ali m'katimo, amami anandikokera pambali. Anandiuza kuti za kabatizo ndisalembe. Anati wolakwa ndi iwo, osati ntchito ya adadi, ndipo si chilungamo kuti bambo anga akwere ndege ya ku Malawi chifukwa cha shuga. Ndinaona kuti akunena zoona. Ndinaonanso kuti adadi anandiuza kuti wolemba sasankha. Ndinatseka kope osalemba kanthu, tinadya, tinapemphera, ndipo tinagona msanga chifukwa kunazizira kwambiri.

Ndiye lero m'mawa ndinadzuka ndi mtima wothamanga uja. Amami anali apita kukaona ngamira. Adadi anali panja akuwiritsa madzi pa kasitovu ka gasi. Ndinakhala pafupi nawo n'kuwafunsa ngati ndilembe. Sanandiyang'ane. Anati kope ndi langa. Ndinawafunsa ngati a Rashid angaone okha pamene pakonzedwa, ndipo anati sangaone. Ndinafunsa ngati kabatiyo ingagwenso. Madzi atawira anati munthu akaikamo mabulangeti okha siingagwe.

Ndinaganiza za a Misozi ndi matiresi awo, ndi mabanja onse amene tinawaona pamalo omwetsera mafuta. Ndinaganiza kuti bedi langa lili pansi penipeni pa kabatiyo, ndipo m'kampa ina pamenepo padzagona mwana wa munthu wina. Ndinalemba chachisanu: kabati yapamwamba inazuka pamsewu wa timizere, munali katundu wolemera amene sanayenera kukhalamo. Zilembo zake ndi zoipa kuposa zina zonse.

Ndinawapatsa adadi. Anawerenga akumwa tiyi. Kenako anandibwezera n'kunena kuti ndiwonjezere kuti zomangira zinayi sizikwanira, pakufunika chitsulo chopingasa kuseri kwa khoma. Anati ku ndege anthu amamvera malamulo a katundu chifukwa pali wowayang'anira, koma m'kampa mulibe, ndipo nyumba iliyonse ili ndi amake Tadala ake. Amami atabwera anaona kope lili lotsekula. Anawerenga, anandiyang'ana, ndipo anapita kukapinda mabulangeti. Mpaka ku Madinat Zayed sanandilankhule.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Tinatsanzikana ndi a Osman, ndipo tinapopa matayala ku Mezairaa. Potuluka m'dera la Abu Dhabi safunsa uthenga. Kabati sinalire ngakhale kamodzi.

Tinafika kuwekishopu cha m'ma fili koloko. A Rashid anasiya zimene ankawotcherera, anazungulira pikapu, anagwedeza malamba, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse kope. Analitsekula, analiyang'ana, analitembenuza, n'kundibwezera. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zonse ndinalemba m'Chichewa. M'galimoto tinkalankhula Chichewa, ndipo dzanja linangotsatira. A Rashid anati ndiwawerengere m'Chingerezi.

Ndinawerenga za masupuni, iwo anaseka. Za katani, za mluzu wa mphepo, za lamba, ankangogwedeza mutu. Nditamaliza chachinayi anafunsa kuti, "Khalas?" kutanthauza ngati zathera pamenepo. Adadi ankayang'ana pansi. Amami ankayang'ana ine. Pamalopo panalibe wina aliyense wotha kuwerenga tsambalo kupatula ife atatu.

Ndinati ayi, chilipo chachisanu, ndipo ndinachiwerenga chonse mpaka pa chitsulo chopingasa.

Ndisanatseke pakamwa amami anabwera kutsogolo. Anawauza a Rashid kuti katunduyo anaika ndi iwo mobisa, mwamuna wawo anawaletsa, ndipo ngati pali wolephera mayeso ndi iwo. A Rashid anafunsa kuti munali chiyani. Amami anatchula chimodzichimodzi. Anafunsa kuti ankapita nazo kwa ndani kuchipululu. Amami anati pamene ankalongedza sankadziwa, koma mwini wake anapezeka.

A Rashid sanaseke. Anakwera m'kampa, ndipo tinamva akutsekula kabati, kuitseka, kuikoka. Anakhalamo nthawi yaitali kwambiri. Kenako anaitana adadi kuti awaonetse pamene panazuka, chifukwa iwo sakupaona. Adadi analowa. Tinamva akukambirana za makulidwe a chitsulo, mawu akukwera ndi kutsika, wina akuti chopyapyala chikwana, wina akuti ayi. Amami anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka linachita dzanzi.

Atatuluka, a Rashid anapukuta manja n'kuuza amami kuti akanakhala mkazi wawo, m'kabatimo mukanalowa thumba la ufa wa tirigu ndi poto wa presha, ndipo khoma lonse likanatsala ku Liwa. Anati anthu atatu amene akudikira makampa onse ali ndi mabanja, ndipo ndi bwino kuti kabatiyo yagwera ife. Kenako anatembenukira kwa adadi.

"Mawa seveni koloko, Malawi bhai. Tiyambire chitsulocho. Mubwere ndi pasipoti."

Adadi anangoti zikomo, m'Chichewa, ndipo anapita kukamasula malamba amene sankafunika kumasulidwa. Anakhala kuseri kwa pikapu nthawi ndithu. M'takisi yobwerera kunyumba amami anandiuza kuti ndine mwana wouma mutu ngati bambo anga, kenako anandichotsa mchenga m'tsitsi njira yonse. Anafunsanso adadi ngati a Osman amakhala pamalo paja chaka chonse, chifukwa munthu sungamuone kamodzi kokha n'kusowa, ndipo ulendo wina tidzawatengere nyemba.

Mapepala sanatuluke, ndipo adadi akuti tisayambe kuuza anthu mpaka atasainidwa. Ndavomera. Koma mawa iwo akangotuluka kupita kuwekishopu, ndikwera pampando, nditsitsa sutikesi yabuluu ija, ndisita malaya onse ali m'menemo n'kuwabwezera m'wadirobu. Malaya a khaki ndiwaika kutsogolo, chifukwa ndi amene amavala kuntchito.